Abwana akundituma ku DSEI ku London, ndiyambire pati?

Mjomba_wa_ku_25:

Akuluakulu ndithandizeni nzeru, paja safunsa anadya phula. Ndimagwira ntchito pa kakampani kena muno mu Lilongwe, timaitanitsa jombo, mayunifolomu, matenti, malamba, ma raincoat, matochi, zoterozo, makasitomala athu ambiri ndi makampani a alonda koma nthawi zina timapikisana nawo pa ma tender a boma. Ndiye Lolemba lapitali abwana anandiitanira mu ofesi mwawo nkundiuza kuti chaka chino cha 2025 ine ndi amene ndipite ku chionetsero cha zida zankhondo cha DSEI ku London, chikuyamba pa 9 mpaka 12 September. Iwo adokotala awaletsa maulendo ataliatali. Ndinangoti chabwino bwana koma mumtima ndikuti heee, ine kutali komwe ndinafikako ndi Joni, pa basi, kukagula katundu.

Pasipoti ndili nayo, yatsala zaka zinayi. Visa ndilibe, sindinafunsirepo. Abwana akuti ndikatenge ma sample athu, jombo ziwiri zitatu, yunifolomu ya mawangamawanga imene tinasoketsa ku Limbe, ndi vesti imodzi ya bulletproof yomwe inatsala pa oda ina, akuti ndikawaonetse azungu kuti tikufuna zonga izi koma zotchipirapo. Akutinso ndikatenge ma card a aliyense amene ndikumane naye. Pano ndi June, nthawi ikwana? Ndiyambe chani, visa, tikiti kapena hotela? Ndipo suti ndigule ingati kkkk, ndili ndi imodzi yokha ya ukwati.

Madala_Chimbalanga:

Achimwene, suti ya ukwatiyo ndi yokwana, ingosinthani malaya. Chimene chingakugwetseni ndi mapepala, osati suti. Ine ndinapitako kawiri, 2019 ndi 2023, paja chimachitika kamodzi pa zaka ziwiri, ndiye ndikuuzani mmene ndinaonera.

Yambani ndi kulembetsa ku chionetsero chenichenicho, lero lomwe ngati nkotheka. Si ngati trade fair ya pa Chichiri yoti umangofika pageti nkulipira nkulowa ndi ana omwe. Kumeneku munthu wamba saloledwa, umalembetsa pa intaneti, amafuna adziwe kampani yako ikuchita chani pa nkhani za chitetezo, ndipo amayamba akufufuza kaye asanakuvomere. Mugwiritse ntchito imelo ya kampani, osati ya Gmail ija munatsegula muli ku sekondale, ndipo ngati kampani yanu ilibe website yooneka bwino auzeni abwana akonze msanga, chifukwa munthu amene akuunika dzina lanu ku London alibe njira ina yodziwira kuti ndinu enieni. Dzina lilembedwe ndendende ngati la mu pasipoti, pageti amayerekeza baji ndi pasipoti tsiku lililonse. Akakuvomerani amakutumizirani imelo, imeneyo muisindikize, ikathandiza pa visa.

Visa yake ndi Standard Visitor, ya miyezi sikisi. Mtengo unakwera mu April 2025 kufika £127. Mumalemba fomu pa intaneti, kenako mumapita kukajambulitsa zala ndi nkhope ku ofesi yawo ya mu Lilongwe momwemo. Amati yankho limatuluka pa masabata atatu, ndipo simungafunsire kukadali miyezi yoposa itatu ulendo usanachitike, ndiye June uno ndi nthawi yake yeniyeni, musadikire August pomwe ana asukulu onse opita ku Britain amakhala ali pamzere. Mukhale ndi kalata ya abwana ya pa letterhead yonena udindo wanu, munayamba liti ntchito, mumalandira zingati, kuti kampani ndi imene ilipire zonse komanso tsiku lomwe mubwerere pa ntchito. Muikenso setifiketi ya kampani, ma statement a ku banki a kampani ndi anuanu, ma payslip. Pano ndipamene anthu ambiri amalakwitsa: abwana asaponye mamiliyoni mu akaunti yanu sabata imodzi musanafunsire poganiza kuti akukuthandizani. Ndalama yongotulukira ngati bowa imawakayikitsa kuposa akaunti yowonda. Ngati mumalandira zochepa ziwoneke zochepa zomwezo, kalata inene kuti olipira ndi kampani, basi. Visa imeneyi imakulolani kuchita misonkhano, kukambirana mitengo, ngakhale kusainirana contract, koma osati kugulitsa malonda pamanja kapena kugwira ganyu.

Tsopano nkhani ya ma sample, apa ndiye ndikudandaulirani. Vesti ya bulletproof ija isiyeni mu ofesi momwemo. Zinthu ngati zimenezo, ma plate ake, zipewa za chitsulo za asilikali, magalasi oonera usiku, zili pa mndandanda wa katundu amene sadutsa malire popanda chilolezo, ndipo vuto lalikulu lingakupezeni potuluka nayo mu Britain pobwerera, poti iwo akaiona ndi katundu wankhondo amene akuchoka m'dziko mwawo. Yunifolomu ya mawangamawanga nayo ndi chimodzimodzi, kwathu kuno komwe munthu wamba saloledwa kuvala zofanana ndi za asilikali, ndiye taganizani akutsegulirani chikwama pa KIA, kenako pa Addis, mukufotokoza kuti ayi ndi sample. Makampani amene amakaonetsa katundu kumeneko amatumiziratu kudzera kwa ma clearing agent ndi mapepala ake miyezi ingapo chisanayambe. Inu mukupita ngati mlendo wodzaona. Jambulani zithunzi zabwino, lembani pa pepala kuti nsalu yake ndi yotani, yolemera bwanji, soli ya jombo ndi yomata kapena yosoka, masaizi amene amayenda kwambiri ndi ati, mumaitanitsa mapeya angati pa chaka. Pepala limenelo amakulemekeza nalo kuposa jombo yakutha m'manja. Ngati abwana akakamira, jombo imodzi ya chikopa ilibe mlandu, koma ingokulemetsani.

Za ma card a aliyense zija ndaseka. Mu 2023 munali makampani oposa 1,500. Nyumba yake ya ExCeL ndi chinyumba chachitali, pakati pali msewu woyenda pansi, mbali iyi maholo mbali inayo maholo, kuchoka khomo lina kukafika linalo ndi mtunda woposa theka la kilomita. Ulendo woyamba ine ndinataya tsiku lonse loyamba ndikungoyang'ana akasinja ndi ma helikopita kukamwa kuli yasa, ndinatulukanso panja kukaona sitima zankhondo zomwe amaimika padoko pambali pa nyumbayo, madzulo miyendo itatupa, chikwama chodzadza ndi mabuku a mizinga yomwe ngakhale titagulitsa kampani yonse sitingagule nati yake imodzi. Mndandanda wa makampani amauika pa intaneti chisanayambe. Sankhani khumi kapena khumi ndi asanu amene amapanga zomwe inu mumagulitsa, alembereni mu July kapena August kupempha mphindi makumi awiri, mufike muli ndi nthawi yopangana kale. Maiko ambiri amakhala ndi chigawo chawochawo, ndiye pa jombo ndi nsalu yambani mwazungulira kwa anthu a ku Turkey ndi India, mitengo yawo ndi imene ingagwirizane ndi thumba la kwathu kuno. Lachisanu musaliwerengere, anthu akuluakulu amakhala atapita, otsala akulongedza.

Funso limene aliyense akakufunseni musanakhale nkomwe pansi ndi lakuti katunduyo wogwiritsa ntchito weniweni ndi ndani. Amati end user. Pa jombo ndi matenti nkhani ndi yopepuka, koma mukangotchula vesti, wailesi za asilikali kapena chilichonse choonera usiku, akufunsani end user certificate yosainidwa ndi amene akagwiritse ntchitoyo, ndipo iwo ayenera kukapempha chilolezo ku boma lawo asanatumize. Za ku America ndiye zili ndi malamulo ake otchedwa ITAR, ovuta kwabasi. Musakayerekeze kunena kuti mwatumidwa ndi MDF kapena apolisi ngati mulibe kalata yawo. Nenani zoona, ndife kampani yogulitsa kwa alonda ndipo timapikisana pa ma tender. Amene sakufuna kasitomala wotero akuuzani mwaulemu, mupite pena.

NaPhiri_E16:

Madala anena zambiri, ine ndingowonjezera za kuno poti ndimakhala kufupi ndi komweko, ndipo ndinagwirapo maganyu operekera zakudya mu ExCeL momwemo nthawi ya zionetsero zina.

Hotela bukani pano, ija yoti mutha kukansela osalipira ngati visa yavuta. Mahotela ozungulira ExCeL sabata imeneyo amadzadza kalekale ndipo mitengo yake imachita kupenga, musalimbane nawo. Yang'anani malo amene ali pa njanji ya Elizabeth line kapena DLR. Woolwich ndi siteshoni imodzi yokha kuchoka pa Custom House pomwe mumatsikira, ndipo kuli mashopu a anthu akuda, ufa umapezeka, mukatopa ndi masangweji. Stratford nakonso ndi pafupi. Kuchoka pa Heathrow kwerani Elizabeth line yolembedwa Abbey Wood, imakafika pa Custom House osasintha sitima, osakwana ola limodzi. Taxi ya pa eyapoti isiyeni, ingakudyereni alawansi ya masiku awiri.

Nkhani ya ndalama samalani achimwene. Kuno kashi ikutha ntchito, mabasi a mu London salandira ndalama ya pamanja ndi pang'ono pomwe, malo ambiri odyera ndi khadi basi. Makhadi a kumudzi amatha kukukanira uli pamzere, kaya ndi malire amene banki inaika kaya ndi chani, mlamu wanga anachita manyazi pa kauntala anthu ali pambuyo pake mpaka ndinachita kumulipirira pa foni. Ndiye pitani ku banki kwanu mukafunse kuti khadi lanu likagwira kunja mpaka ndalama zingati pa tsiku, mukhalenso ndi mapaundi a pamanja, mukafika mugule Oyster card, khadi lolipirira sitima ndi mabasi, nkuikamo ndalama, imeneyo mumatha kuthiramo kashi pa siteshoni kapena mu timashopu.

Mapulagi ndi ofanana ndi a kwathu, a mano atatu aja, ndiye adaputa musagule. Nthawi mu September timasiyana ola limodzi lokha, kuno kumbuyo. Nyengo siidziwika, m'mawa dzuwa masana mvula, tengani jekete yopepuka, yokhala ngati ya June ku Dedza ikwana. Nsapato zikhale zoti munaziyendera kale, zatsopano zikusupulani.

China chimene sanakuuzeni madala, panja pamakhala anthu ochita zionetsero zokwiya ndi malonda a zida, amayamba sabata imodzi chisanatsegulidwe, ena amagona pamsewu kutsekereza malole obweretsa katundu, apolisi amakhala mbwee. Sakumenyani ayi koma amakuwa, ena amajambula nkhope za olowa. Baji ija muzivala mukafika pakhomo ndipo muzivula mukangotuluka, osamayenda nayo pakhosi mu sitima ngati mendulo. Akakulankhulani ingodutsani, osayankha.

Ndipo chonde musanyamule nyama kapena za mkaka zoti mupatse abale, siziloledwa kulowa. Koma Nali ndi tiyi wa Chombe mukabweretsa sitikana kkkk.

Kabaza_Pitoli:

Ine funso langa ndi lina. Abwana anuwo anawerengera bwino? Tikiti ya London kudzera ku Addis kapena Nairobi, hotela masiku asanu, visa, chakudya, zonsezo ndi forex, ndipo tonse tikudziwa mmene forex ikuvutira kumudzi chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023. Ku banki amafuna uonetse pasipoti, visa ndi tikiti asanakugulitse ndalama ya ulendo, ndipo ngakhale uonetse zonsezo amatha kukuuza kuti bwerani mawa mpaka tsiku lonyamuka kukwana. Zonsezi kuti mukagule jombo?

Kuno ku Pretoria kuli chionetsero china cha ndege ndi zida zankhondo chotchedwa AAD, imachitikira pa bwalo la ndege zankhondo la Waterkloof, mu September zaka zosiyana ndi za DSEI, inachitika 2024 ndiye ikubwerayi ndi 2026. Masiku atatu oyamba ndi a anthu a bizinesi, Loweruka ndi Lamlungu amatsegulira aliyense kudzaonera ndege. Mmalawi safuna visa kubwera kuno masiku 30, ndege ndi maola awiri ndi pang'ono, ndipo ogulitsa amene amabwera kuno amakhala akusaka makasitomala a mu Africa, sakuyang'ana ngati wasochera ukanena kuti ukufuna mapeya 500. Katundu ukagula kuno amakwera lole kudzera pa Mwanza, osadikira sitima ya pa Beira kapena Nacala. Ku London kuja anthu amakamba za ma biliyoni aise, iwe ndi oda yako ya matenti akupatsa bolopeni ndi switi nkukuuza kuti titumizireni imelo.

Sindikuti musapite, mwayi wokwera ndege yolipiridwa sakana. Koma mukabwerako muwauze abwana kuti chaka chamawa ayesere kuno.

Madala_Chimbalanga:

A Kabaza mwanena zoona theka. AAD ndi yabwino ndipo ndi yotchipa kufikako, koma ku London ndi kumene umakumana ndi mwini fakitale, pomwe kwina umapeza wogulitsa wachitatu amene waikapo kale yake. Nkhani ya mapeya 500 ija ndi imene mnyamatayu akuyenera kufunsa poyambirira penipeni, kuti oda yochepetsetsa amalola zingati, mtengo ndi FOB (wongokweza katundu mu sitima kwawoko) kapena CIF (wophatikiza sitima ndi inshuwalansi) ndipo mpaka doko liti, amafuna dipoziti yochuluka bwanji, amalandira letter of credit (kalata ya banki yolonjeza kuti idzalipira) yochokera ku banki ya ku Malawi kapena ayi. Ambiri akamva Malawi amafunsa kuti kodi muli ndi doko, ndiye mukhale ndi yankho, Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo mudziwe kontena imatenga nthawi yotani kufika ku Kanengo. Pa mavesti mufunse satifiketi ya mayeso, ambiri amatsata muyezo wa NIJ wa ku America, ndi tsiku lomwe inapangidwa chifukwa zimakhala ndi zaka zake, zimatha mphamvu zili mu sitolo. Mawailesi a alonda musalonjeze kanthu musanafunse a MACRA za ma frequency.

Chinanso, makasitomala anu ndi alonda, ndiye mwina abwana angakuuzeni kuti mufunseko ndodo zogwiritsa shoko zija kapena maunyolo a m'miyendo. Kumeneko musatchule. Malamulo a Britain amaletsa ngakhale kuonetsa chithunzi chake mu kabuku ka malonda, mu 2013 makampani awiri anathamangitsidwa pa chionetsero chomwechi chifukwa cha zimenezo.

Mai_a_Tadala:

Pepani ndilowerere, ine za mfuti sindizidziwa ndipo kunena zoona malonda amenewa sandisangalatsa, koma ndagwira ntchito ya procurement zaka zambiri ndiye ndili ndi mawu awiri kwa mwana wangayu.

Kumalo ngati amenewo kumakhala anthu ovala bwino osakhala ndi tebulo lawo, amangozungulira. Akaona baji yolembedwa Malawi akupezani, akugulirani khofi, madzulo akuitanirani ku chakudya, kenako ayamba kufunsa kuti kodi ku unduna mumadziwana ndi ndani, tikupangeni agent wathu, pa contract iliyonse muzidyapo peresenti yakuti. Mwana wanga, nkhani za ma contract a zachitetezo zinavuta kale dziko lino, tonse tinamva mmene ACB ndi anzawo a NCA a ku Britain ankafufuzira, mayina akuluakulu anatchulidwa. Britain ili ndi lamulo lake la ziphuphu la 2010 lomwe limatsata kampani yawo ngakhale chiphuphucho chaperekedwera kunja, ndipo zikavuta amene amayamba kumangidwa ndi amene dzina lake lili pa pepala. Musasaine kalikonse kumeneko, ngakhale akuuzeni kuti ndi kapepala kongosonyeza kuti tinakumana. Nenani kuti ndikaonetsa abwana ndi loya wathu. Mphatso yoposa bolopeni ndi kapu mukailembe mu lipoti lanu.

Madzulo aliwonse musanagone lembani amene mwakumana nawo ndi zomwe mwagwirizana, kuseri kwa card yawo komweko, chifukwa pofika Lachinayi nkhope zonse zimafanana. Malisiti onse sungani mu envulopu, a akaunti akadzayamba kufunsa za alawansi ubale umatha. Ma flash amene amagawa aulere aja musalowetse mu laputopu ya kampani, ndipo musajambule katundu wa munthu musanapemphe, ena amakwiya nazo kwambiri.

Inshuwalansi ya ulendo gulani. Mlendo akagonekedwa m'chipatala kumeneko amalipira, ndipo bilu yake si yamasewera.

Mjomba_wa_ku_25:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri kawiri mpaka ndasindikiza zina. Dzulo ndinalowa kwa abwana ndi pepala m'manja. Za vesti anayamba akana, akuti iwo anapita nayo ku Dubai kalekale palibe anawafunsa, ndinangowauza kuti bwana ikakagwidwa dzina la kampani ndi limene likalembedwe, anakhala chete kenako akuti chabwino ijambule. Yunifolomu nayo yatsala. Website ndiye tapeza kuti inafa chaka chatha sitinalipire, mnyamata wa IT akuidzutsa sabata ino, ndikangoona kuti yayamba kutseguka ndilembetsa. Kalata ya visa alemba a accountant, ndawauza za ndalama zongotulukira zija anaseka akuti abwana anali atawauza kale kuti aponye 5 miliyoni mu akaunti yanga Lachisanu.

A Kabaza nkhani ya Waterkloof ndaitula, akuti tiona chaka chamawa, mukuwadziwa mabwana. Mayi a Tadala ndamva, sindisaina.

Chatsala chimodzi, tikiti ndigule pano kapena ndidikire visa? A travel agent akundiuza kuti mitengo ikukwera tsiku ndi tsiku ndipo akufuna ndilipire sabata ino.

NaPhiri_E16:

Dikirani visa achimwene, iwo eni ake a visa safuna tikiti yolipira, pa fomu mumangolemba masiku amene mukufuna kubwera ndi komwe mukafikire. Agent akusungireni malo kapena akupatseni ija yotheka kusintha ngati abwana alola kuwonjezera pang'ono. Ndipo mufike Lamlungu kapena Lolemba m'mawa, osati Lachiwiri lomwelo, ndege ya ku Addis imatera m'mamawa munthu usanagone usiku wonse, mzere wa pa immigration pa Heathrow nawonso umatha kukudyerani maola awiri. Lolembalo mukwere sitima mukaone pa Custom House pamene pali khomo, mubwerere mukagone. Nali ija ikhale ya hot, mabotolo awiri.